Injini Yogona Sinama

— Halo?

— Halo, Bo Mukelabai? Ndine amake Inonge, akazi a Bo Likando.

— Aa, alamu. Mwadzuka bwanji?

— Ndadzuka, kaya inu?

— Tadzuka. Inonge adachira chifuwa chija?

— Adachira. Muli kugalaja?

— Ayi, ndili ku Senanga, ndikudikira basi yobwerera ku Mongu. Paja Lachiwiri lililonse ndimagona kuno, ndimakonza mathirakitala a alimi a mpunga. Kwacha bwanji kumeneko, mvula?

— Yangowaza. Bo Mukelabai, mayunitsi anga ndi ochepa. Ndi za galimoto ya anzanuwa.

— Nkhalamba ija? Yatani, yakana fowilo n'kutitimira mumchenga?

— Ikulira.

— Galimoto zonse zimalira, alamu. Ikulira kuti bwanji?

— Ikuti kwiii.

— Kwiii kapena kwekwekwe?

— Zimasiyana?

— Kutalitali. Tayesaninso, musendeze foni kukamwa.

— Ndili padoko la nsomba, anthu akundiyang'ana.

— Asiyeni, adzakukonzerani ndi iwo? Tiyeni.

— Kwiiiiiii... iii... i.

— Kumapetoko mwatsitsa dala kapena mpweya wakutherani?

— Ndi momwe imachitira. Imayamba ngati nkhumba yogwidwa mwendo, kenako imatsika, n'kusiya yokha.

— Imalira ikamayenda kapena akangoyiliza?

— Akangoyiliza.

— Akapota sitiyalingi mpaka kumapeto?

— Sindinakweremo, ndimangoimvera patali.

— Basi, musavutike. Ndi fanibeluti. Lamba wakutha, walefuka, ndiye amaterereka. Ndidamuuza Likando chaka chatha, iye n'kumangopaka sopo. Munthu wamanja olimba ngati ameneyu sindinamuone. Akafuna kutsimikiza athire madzi palambapo injini ikulira, phokoso liti zii, kenako liyambirenso.

— Si zina? Mwina wota pampu?

— Ee, mwayamba umakaniko? Wota pampu imalira osapuma, tsiku lonse, ngati apongozi. Lamba amalira m'mawa basi, injini ikazizira.

— Ikazizira bwanji?

— Ikagona. Usiku wonse ili phee, mame agwa, batire yafooka. Akangoliza, alitineta imakoka mwamphamvu, lamba n'kuterereka.

— Nanga itachokera kutali, tinene ku Lukulu, n'kuima pang'ono, munthu atsike agule fodya?

— Siingalire. Lamba amakhala watentha, wagwira. Halo? Mukundimva? Pali lole ikudutsa.

— Ndikukumvani. Mukunenetsa?

— Alamu, zaka makumi atatu ndili pansi pa boneti. Khutu langali silinandinamizepo. Injini yogona sinama.

— Nanga ku Mongu kuno kulibe ina yolira chimodzimodzi?

— Kwiii yotsika kumapeto? Ndi ya Likando yokha. Puli yake ndidawotcherera ndine, idapindika pang'ono. Ndingaizindikire ngakhale nditafunda bulangete. Koma bwanji mafunso ngati kupolisi? Mwini wake ali kuti?

— Akugona. Afika seveni koloko, akuti atopa ndi msewu.

— Wa ku Lukulu? Ndi woipadi.

— Amati amagona komweko, amanyamuka tambala woyamba. Koma ine popita kudoko faifi koloko ndimaimva ikulira muno m'tauni.

— Iii. Tadikirani. Lero?

— Lero ndi kachitatu, mlungu ndi mlungu.

— Hehehe. Pepani alamu, sindikuseka inu. Likando, Likando. Mdala wa dazi, mawondo olira kuposa galimoto yake, n'kugwidwa ndi lamba.

— Ine sizikundiseketsa. Zaka makumi awiri ndikumuchapira maovolosi a girizi.

— Zoona, zoona, n'zamanyazi. Sopo uja wamupereka. Ndiye ndi ndani mayiyo? Si uja wogulitsa mkaka wowawasa pasiteji? Ndimaona momwe amamudzazira kapu.

— Si ameneyo.

— Ndiye nesi wamfupi uja. Ndiuzeni, ine pakamwa panga n'pa loko. Imalirira dera liti?

— Kuseri kwa chigayo.

— Kwathu komwe? Ndiye ndikuwadziwa onse. Pali wamasiye uja wa mpanda wa bango.

— Kupitirira pamenepo.

— Kwa aphunzitsi? Amuna awo ali ku Kaoma, zoona. Amuna ena ndi ogona, alamu. Munthu galimoto ikulowa pakhomo pako mlungu ndi mlungu, iwe osaona ngakhale matayala mumchenga?

— Mwina pamakhala matayala ambiri kale.

— Pakhomo panji pokhala matayala ambiri?

— Pali mtengo wa mango. Pansi pake pali mathirakitala awiri akufa ndi injini yopachika pa tcheni.

— Halo?

— Ndilipo.

— Mwati mango?

— Mango. Geti la buluu, lolembedwa kuti timakonza galimoto zamitundu yonse.

— Alamu, ndi masiku anji amenewa?

— Lachitatu m'mawa. Katatu konse.

— Komatu... ayi. Pajatu ndi galaja. Mwina amabweretsa kuti ndiione lambayo.

— Lachiwiri madzulo, inu muli ku Senanga? Amake Sepiso adakuuzanipo kuti kunabwera kasitomala?

— Akazi anga amaiwalaiwala.

— Katatu?

— Tamverani, tisafulumire. Pafoni munthu ukhoza kulakwitsa. Kulira kumeneko kukhozanso kukhala bering'i ya alitineta. Imeneyo imalira ngakhale injini ili yotentha. Mwina amangodutsa, n'kuima kupempha madzi a mu rajeta.

— Mwati khutu lanu silinakunamizenipo.

— Lakalamba, alamu. Komanso netiweki ya kuno imasintha mawu. Tayesaninso kulira kuja, mwina munati kwekwekwe.

— Ndati kwiii, Bo Mukelabai. Lero ndinafika mpaka pageti. Boneti inali ndi mame, pansi pa galimoto pouma, mvula itawaza usiku.

— Pouma.

— Pouma gwa. Ndinafuna ndimve kwa katswiri ndisanapse mtima pachabe. Ndiye mwandithandiza.

— Ine ndimamupatsa masipanala anga munthu ameneyu. Jeki yanga ili m'galimoto mwakemo. Dzulo lomweli wandiperekeza yekha kusiteji, n'kundinyamulira chikwama.

— Amafuna aone kuti mwakweradi.

— Alamu, mtima ukundiwawa.

— Khalani pansi. Ine wanga udayamba kuwawa milungu iwiri yapitayo. Tsono mverani, mayunitsi akutha. Anzanuwa akuti akadzuka abwera nayo kwanu masana ano. Phokosolo layamba kuwachititsa manyazi, akufuna muike lamba watsopano.

— Abwere. Ndili ndi sipanala yaikulu ija ya sate-thuu.

— Ayi. Mukawamenya akana, ndipo galimoto ikasiya kulira tidzagwira chiyani? Akulu a mabanja adzafuna kumva ndi makutu awo. Lachitatu likubwerali ndibwera ndi amalume awo, inu mubwere ndi amalume a akazi anu. Lachiwiri mukwere basi monga mwa nthawi zonse, koma mubwerere usiku mwachinsinsi.

— Ndiye ine ndimuuze chiyani? Ndimuyang'ane kumaso, ndimupatse moni?

— Ndinu makaniko. Simunayambe mwabwezapo kasitomala?

— Ndimuuza kuti lamba wa saizi imeneyo kulibe. Mongu yense kulibe, mpaka aitanitse ku Lusaka.

— Akati mungomukunga yemweyo?

— Ndimukunga, alamu. Ndimukunga mobwerera, adzalira mpaka ku Limulunga adzamve. Basi yafika. Faifi koloko mwati?

— Mufike isanakwane. Muvale juzi, kumazizi...

— Halo? Alamu? Halo?