Mzere Wodukira pa Ziro

Aulutsi ndi omvera nonse, ine ndine nkhalamba ya pa Chonde, sukulu ndinangoinunkhiza. Mdzukulu wanga ndiye ankaphunzira masamu ku koleji. Patchuthi anabwera ndi ntchito yoti ajambule pa kompyuta mzere wa zomwe amati kyubu ruti. Anali atalephera kale kamodzi, ndiye akanaphonyanso, sukulu ikanathera pomwepo. Kumtunda kwa ziro mzere unkatuluka bwinobwino, koma pa manambala a pansi pa ziro pankangoyera kuti mbee.

Ine kumuseka: “Iwe, makina akowa ndi akapitawo a ku esiteti, apansi sawaona!”

Sanaseke. “Agogo, negetivu 8 yankho lake ndi negetivu 2, ndikudziwa. Koma kompyuta ingalakwe?”

Anakhulupirira makinawo, napereka mzere wodukawo. Pambuyo pake anamva kuti pulogalamuyo imafuna lamulo lapadera pa manambala amenewo, koma anali atamuchotsa kale ku koleji.

Ana inu, mutu wanu ukatsutsana ndi makina, kafunseni aphunzitsi msanga. Wangayu lero amanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula. Ndikamuitana kuti “aprofesa” amangoyang'ana pansi, ndiye ndinaleka.