Karinya ya Bambo Abílio Iwale Basi

Anzake pobwerera ku Mandimba nkhondo itatha ananyamula makasu ndi mbewu, koma Cosme Samuele anabwera kuchokera ku Malawi atakumbatira makina opukutira utoto wa galimoto, m'tauni ya magalimoto asanu okha. Sankalipiritsa munthu, kunali kukonda basi, n'chifukwa chake Bambo Abílio, amene nkhondo yomweyo inawasiya ndi chimimba ndi katundu, anamubweretsera karinya yawo yobiriwira, galimoto ya bokosi kumbuyo.

"Mawa a bungwe lothandiza obwerera kwawo akusankha galimoto yonyamula malata," anatero a Abílio akumenya boneti. "Iwale! Galimoto ikawala, mwini wake amadziwikira patali."

Cosme anakanda chitseko ndi chikhadabo, n'kununkhiza.

"Patarau, bwana wanga, utoto uwu ndi wapakhoma. Anapaka ndi burashi."

"Ndi wa ku Japan! Ndinaigula yatsopano ku Nampula."

"Ndiye a ku Japan anaiwalamo ubweya wa burashi. Nawu."

"Epa! Ndakufunsa za ubweya? Liza makinawo."

"Makina amadya utoto, bambo. Uwu ndi wopyapyala."

"Adye. Usaleke mpaka ndione nkhope yanga."

Cosme anali munthu woti ukamutuma madzi, amabwera ndi madzi okhaokha, chikho ukatenge wekha. Anakoka chingwe cha jenereta, makina n'kuyamba kulira. Posakhalitsa nsanza inabiriwira, chitseko chinayera.

"Patarau, pansi pali utoto woyera."

"Ndiko kuwalako. Pitiriza."

"Si kuwala. Ndi utoto wina, weniweni."

"Iwe, galimoto ndi yanga kapena yako?"

"Yanu. Nkhope mwaiona?"

A Abílio anawerama, nasuzumira. "Sindinaione."

"Ndiye sindileka."

Makina analiranso. Cosme anatsinzina diso limodzi.

"Kwatuluka chilembo. S."

"Chizindikiro cha fakitale."

"A. M."

"Ee, kampani yake imeneyo. Ukuganiza kuti ku Japan salemba?"

"U. E. L..."

"Pronto, yawala! Zimitsa!"

"Nkhope mwaiona?"

"Ndaiona!"

"Mwaiona bwanji mutaima kumbuyo kwanga? Mukuona msana wanga."

"Ndati zimitsa, iwe!"

"Chitseko sachisiya theka, patarau. Chimaoneka ngati chipere." Anatsitsa makina pang'ono. "Pansi pakenso alemba. Mi... ta... nde. Kodi a ku Japan amadziwa ku Mitande?"

A Abílio anavula chipewa, anadzipepesa nacho. "Amadziwa. Ali ndi mapu."

"Ndi anzeru. Amadziwanso dzina la bambo anga."

"A Samuele ndi ambiri! Pita ku Cuamba, ukaitane Samuele pamsika, atembenuka khumi."

"Zoona."

"Waona?"

"Koma a Samuele a ku Mitande a karinya yoyera anali amodzi. Tinaisiya pansi pa mtengo wa mango usiku wothawa, titaifunditsa udzu."

Apa Cosme anakumbuka kuti bambo ake anamwalira kumsasa wa othawa nkhondo akufunsabe ngati udzu uja sunapse. Koma dzanja lake silinasiye ntchito.

"Ndinaisunga!" anakuwa a Abílio. "Ndinaisunga kuti asilikali asaitenge!"

"Mwati munaigula ku Nampula."

"Ndinagula utoto ku Nampula!"

"Wa ku Japan uja?"

"Mwanawe, tamvera." A Abílio anatsitsa mawu, akuyang'ana azimayi amene anaima pamsewu, mitolo ili pamutu, akuwerenga chitsekocho mokweza. "Kunena zoona, galimoto yowala si yabwino. Imakopa akuba. Abungwe amakonda yafumbi, amati ndi yolimbikira ntchito."

"Munati iwale."

"Ndasintha maganizo. Tapa dothi apo, tiwaze."

"Dothi limakanda utoto."

"Likande!"

A Abílio anawerama okha, mimba ikuwatsekereza, natapa dothi lodzaza manja awiri. Cosme anazimitsa makina, anaima pakati pa iwo ndi chitseko, napukuta dzina lija pang'onopang'ono ndi nsanza yoyera. Linawala mpaka azimayi aja anaombera m'manja. Kenako analowetsa dzanja pawindo, anazula kiyi n'kuika m'thumba.

"Iwe! Ukutani ndi kiyi wanga?"

"Munanena zoona, patarau. Yawala, mwini wake wadziwikira patali. Tsopano tasunthirani uko ndi dothi lanulo, mungandidetsere galimoto."