Phulusa la Pulofesa Haberkorn Silinauluke

Malemu alamu anga, Pulofesa Ortwin Haberkorn, anabadwa pa 9 Malichi 1934 m'nyumba ya abusa imene mukuiona kuseri kwa mpanda wa manda ano. Abusawo anali bambo awo.

Mu 1953 anapita kusukulu ya ukachenjede kukaphunzira nzeru za kaganizidwe, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa komweko. Mu 1961 anakwatira mlongo wanga Irmtraud.

Mu 1966 anatulutsa buku limene linatisowetsa mtendere tonse. Analembamo kuti boma, mpingo ndi ukwati ndi makola, ndipo munthu amabadwira m'khola n'kumalitcha kwawo. Achinyamata anawaombera m'manja, mipingo inawatcha mdani, bambo awo anamwalira asakulankhulana nawo. Ine ndinawafunsa kuti akunyozeranji ukwati atavala masokosi oluka mlongo wanga. Anangoseka, amvekere makola ena ndi ofunda.

Mu 1972 anachotsedwa ntchito. Anzawo anatha ngati makatani, iwo n'kudzitsekera m'kachipinda kapamwamba, kumangolemba. Mu 2006 anafa ziwalo, osathanso kutsika masitepe. Apa ndi pamene analumbiritsa akazi awo kuti akadzamwalira adzawatenthe, phulusa akaliwaze kuphiri mphepo ilitenge, lisadzalowe mumpanda uliwonse.

Anatisiya pa 14 Novembala 2009. Kuwatentha tinawatentha. Koma lamulo la kuno ku Jeremani mukulidziwa: phulusa saperekera abale m'manja, amalimata m'kamtsuko n'kulikwirira kumanda. Mlongo wanga, ndi ukalamba wake, wagogoda maofesi onse, wachonderera, walira, zakanika. Malo okhawo amene banja lili nawo ndi ano, pambali pa bambo awo aja. Zikundiwawa kwambiri, pakuti mlongo wanga sananamizepo amuna ake chilowere m'banja.

Malemu asiya mayi Irmtraud, mwana wawo Gudrun ndi zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene ankakwera masitepe aja tsiku ndi tsiku, ophunzira awo akale amene mwabwera, ndi inu abusa, povomera kuima chete osalalikira.

Alamu, musamukwiyire Irmtraud, wayesetsa. Manda ano, monga onse kuno, ndi obwereka kwa zaka zowerengeka. Nthawi yake ikadzatha adzachotsa mwala, dzina lanu lidzafafanizika, udzu udzamera. Mwina pamenepo mudzatuluka. Pakadali pano, pirirani mumpandamu, ndipo muuse mumtendere.