Khomo limene ndinafufuta pa mapu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Umboni wangawu si wa matenda kapena njala. Ndi wa bodza limene ndinalemba ndi dzanja langa, bodza limene linatsala pang'ono kundilanda digiri ndi ntchito yomwe. Ndikulemba nkhope ili pansi.

Dzina langa ndi Tamanda. Ndimaphunzitsa za makompyuta pakoleji ina kuno ku Zomba, koma kwathu ndi ku Domasi. Kafukufuku wa digiri yanga yachiwiri anali wa mmene uthenga ungayendere m'midzi ya m'tsinde mwa phiri, kumene netiweki ya foni imagwira pokhapokha munthu utakwera pachulu. Ndinamangirira timabokosi pa njinga za akabaza. Njinga ziwiri zikayandikana, timabokosito timapatsirana mauthenga popanda waya, ndipo uthenga umadumpha choncho mpaka kukafika kwa mwini wake. Chotsala chinali kupeza malo oika bokosi lalikulu, losunga mauthenga podikira njinga yolowera koyenera.

Ine mumtima ndinali nditasankha kale: pasukulu kapena patchalitchi, malo oti munthu n'kujambulitsapo chithunzi. Koma timabokosi tija tinanena zina. Mapu a njira zimene njingazo zinkadzera anaonetsa kuti akabaza a ku Songani, a ku Mishoni ndi a kumtunda onse amakumana pakhomo limodzi, pamphambano ya kutsidya kwa mtsinje. Khomo limenelo ndi la achemwali anga aakulu, a Esinati, amene amatcheza kachasu.

A Esinati ndiwo anandilera mayi athu atamwalira. Yunifolomu yanga yoyamba inachokera m'mbiya zomwezo. Koma chivalireni bulauzi yoyera ya amayi a kumpingo, moni wanga kwa iwo unali wa pamsewu basi. Tsono ine ndipite ndi aphunzitsi anga pakati pa anthu oledzera, n'kumati kafukufuku wanga watsamira pano, ndipo mayi ali pamotowo ndi achemwali anga? Ndinakana. Ndinafufuta khomolo pa mapu, bokosi n'kukaliika pasukulu.

Mauthenga anayamba kugona panjira. Ena ankafika patapita masiku, ambiri osafika n'komwe. M'malo mobwerera m'mbuyo, ndinakhala pakompyuta n'kulemba manambala a m'mutu mwanga, okongola bwino, oonetsa kuti zonse zikuyenda. Lamlungu lake ndinaimba kwaya monga mwa masiku onse.

Kenaka a Dokotala amene ankayang'anira kafukufuku wanga anati akufuna kudzaona okha. Tili pa Songani analemba uthenga wopita kwa mphunzitsi wina wa kumtunda, tinakhala pakhonde la sitolo kudikira yankho. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, kuli zii. Ine n'kumanamizira mabatire. A Dokotala sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Mayi, zimene munalemba ndi zimene ndaona lero sizikugwirizana," anatero. "Ndikukupatsani masabata awiri. Mukapanda kundiuza zoona, nkhaniyi ipita ku komiti."

Ku komiti kumeneko munthu wopeka manambala amatulukako wopanda digiri, ndipo koleji siisunga mphunzitsi wotero. Chakudya chinasiya kulowa. M'kalasi ndinkalephera kuyang'ana ophunzira anga, amene ndinkawakalipira akamakoperana mayeso. Ndinkapemphera, inde, koma tamvani pemphero lake: ndinkapempha Mulungu kuti akabaza ayambe kudzera kusukulu. Ndinkafuna Ambuye andithandize kubisa. Sabata yonse inatha kumwamba kuli chete. Tsiku lina masana ndinalowa m'tchalitchi mulibe munthu, ndinagwada, ndipo mawu amene anatuluka anali ochepa: "Ambuye, ndine wabodza. Chitani nane mmene mukufunira."

Patapita masiku awiri ndinapeza a Esinati atakhala pakhonde panga, mapazi ali fumbi lokhalokha. Anakana kulowa m'nyumba.

"Iwe Tamanda, akabaza akuti zinthu zako zikukanika," anatero. "Akuti timagetsi ta timabokosi tako timaphethira pakhomo panga pokha. Bwanji osadzaliika kwathu bokosilo?"

Ndisanayankhe, iwo anapitiriza.

"Ndikudziwa, ukuopa fungo. Komatu bokosi lilibe mphuno."

Ndinalira ngati mwana. Ndinawauza zonse, mpaka za kufufuta khomo lawo. Iwo anangoti, "Ndinadziwa kalekale kuti umachita nane manyazi. Tiye, nthawi ikutha."

Nditafika kwawo ndinaona chimene chimakokera akabaza. Pansi pa mtengo wa mango pali pampu ya njinga, ndowa ya madzi akumwa ndi benchi. Ambiri mwa anyamatawo kachasu salawa n'komwe, amangopopa matayala, kupuma, n'kumapita. Makina anga ankazidziwa zimenezi. Ine mng'ono wa a Esinati sindinkadziwa, chifukwa panali patatha zaka ndisanapondepo.

M'mawa mwake ndinakaulula kwa a Dokotala, osabisa kanthu. Anabwera kudzayesanso, bokosi lili pamtengo wa mango uja. Yankho lochokera kumtunda linafika tisanamalize chinangwa chimene achemwali anatiphikira. A Dokotala anafunsa kuti mayi aufuluwa ndi ndani. Oledzera awiri anali pomwepo, makutu ali tcheru.

"Ndi achemwali anga," ndinayankha. "Ndiwo anandilera."

Ku komiti ndinapitabe, koma a Dokotala anandilankhulira poti ndinaulula ndekha. Anandipatsa kalata ya chenjezo n'kundiuza kuti ndiyambirenso kafukufuku yense. Chaka chathunthu chinapita, koma ntchito inatsala, ndipo digiri ndinaipeza ndi manambala oona. A Esinati akutchezabe kachasu, sindikunamizani, ndipo amayi ena a kumpingo anachepetsa moni atamva kumene ndimaswera Loweruka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa loyamba n'kuyankha lachiwiri. Inu amene mwapanikizika, musaleke kupemphera, koma muuzeni zoona, pakuti Iye sathandiza kubisa. Ndipo ngati pali khomo la mbale wanu limene mumalilambalala, pitaniko lero ndi miyendo yanu. Manyazi opeza munthu amene unamukana atakhala pakhonde pako, atayenda mtunda wonsewo kudzakupulumutsa, sindikufunira wina aliyense.