Ndinawerenga phokoso ndi nyemba

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Aleluya!

Ine ndine Luwiza, ndimakhala ku Katuli. Nkhondo ya ku Mozambiki itafika kumudzi kwathu, tinathawa chobalalika. Ine ndinadutsa malire nditasenza wailesi ya malemu amuna anga. Mwana wanga Rozina, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anathawira kwina. Zaka ziwiri osadziwa ngati ali moyo. Zaka ziwiri, abale!

Loweruka lililonse masana, pa wailesi ankawerenga mayina a othawa nkhondo amene akufunafuna abale awo. Koma wailesi yangayo, eee! Akangoyamba mayina, iyo shiii, thwa! thwa! Ndinaimenya makofi. Ndinayanika mabatire padzuwa. Anzanga anati ndi mzimu wa mwiniwake ukudandaula, ndikathire ufa patsinde pa mtengo. Ndinakathira, sindikubisirani. Osasintha. Ndinagubuduka m'fumbi, ndinauza Mulungu kuti angonditenga.

Kenako ndinapita nayo kwa Che Amidu, Msilamu wachikulire amene kale ankakonza mawailesi a sitima ku Monkey Bay. Anazula waya wokokera mawu. Phokoso osaleka.

"Mwamva, mayi? Silikuchokera kunja ili. Lili m'kati."

Anandionetsa tizitsulo ta miyendo itatu. "M'kati mwa kalikonse muli kamwala kochepa ngati njere ya mapira, magetsi amadutsa m'menemo. Kamwalako kakawonongeka, magetsi amapunthwa, ndiye thwa mukumvayo. Koma kodwala ndi kati, maso sangaone. Tiwerenge."

Kuwerenga phokoso! Ndinatsala pang'ono kuwalalatira akuluakulu. Iwo anangondipatsa nyemba ndi wotchi. Ikati thwa, nyemba m'mbale. Mphindi ikatha, kamulu kake pambali. Ndiye ankaziziritsa tizitsuloto kamodzikamodzi ndi kansalu konyowa, ine n'kuwerenganso.

Ndinakuwa, "Apa zachepa!"

"Mphindi imodzi imanama, mayi. Werenganibe."

Masiku atatu ndili pamphasa ndi nyemba. Timilu tina tikulu, tina ting'ono, mutu kuwawa. Koma titafika pa kachitsulo kachinayi, timilu tonse tinaphwa. Tonse! Kodwala kanali komweko. Chimene ndinkachiyesa chisokonezo chinali ndi dongosolo lake. Ndinati, Mulungu amene amadziwa kupunthwa kulikonse m'kamwala kakang'ono chonchi, angataye mwana wathunthu wa miyendo ndi manja?

Che Amidu anasintha kachitsuloko. Sabata yoyamba, dzina lathu palibe. Yachiwiri, palibe. Yachitatu, mawu omveka bwinobwino ngati munthuyo ali m'nyumba momwemo: "Rozina, amene akusungidwa ndi asodzi ku Nkhudzi, akufuna mayi ake a Luwiza."

Abale, ndinathamanga osavala nsapato, mpango kugwa osautola!

Kwathu mfuti zikulirabe, ndipo tikudyabe ufa wolandira. Ine tsopano ndimathandiza Che Amidu pantchito, chifukwa manja awo ayamba kunjenjemera. Mulungu awadalitse bambo amenewa. Zikomo Yesu, zikomo!

Rozina, imirira mwanawe. Usachite manyazi. Anthu a Mulungu akuone.