Katundu wa Matayala Anayi

Galimoto ya a Telala inazima pafupi ndi geti yolipirira msewu, tsiku lomwe ankakatenga mkazi wawo ndi khanda kuchipatala. Anaikankha okha, thukuta lili kamukamu, mpaka pazenera la mayi wolandira ndalama. Tsono a Telala ndi aja oti akanena kuti mbuzi ndi nkhosa, sasiya mpaka mbuziyo ivomere.

"Kwezani chitsulocho, mayi, ndidutse."

"Mulipire kaye, bambo."

"Amalipira ndi oyendetsa galimoto. Ine mwandiona ndikuyendetsa?"

Mayiyo anasuzumira pazenera. "Ayi, mukukankha."

"Eya. Ndine woyenda pansi."

"Nanga ichi?"

"Katundu wanga," anatero a Telala, uku akusisita boneti.

Mayiyo anavomera ndi mutu, ndipo a Telala mtima unangoti myaa. Anayamba kale kukonza mmene akaifotokozere nkhaniyi kwa anzawo kushopu.

"Oyenda pansi salipira, n'zoona," anatero mayiyo. "Komanso sadutsa pano. Ndalama za getiyi ndi zomwe zamangira mlatho uwo kuti anthu asamagundidwe. Kwerani pamenepo."

A Telala anayang'ana masitepe a mlathowo mpaka khosi linawawa.

"Ndi katunduyu?"

"Katundu sasiyidwa pamsewu. Ena amasenza, ena amabereka."

"Mayi, mukundiseka?"

"Pantchito sindiseka, bambo. Ndikubwerekeni nsalu mupinde nkhata?"

Kumbuyo mahutala anayamba kulira. A Telala anafotokoza kuti mkazi wawo akudikira pabenchi ndi mwana wawo woyamba, komanso kuti analonjeza pamaso pa apongozi kuti khandalo silikwera minibasi. Mayiyo anawayamikira ndi mtima wonse, n'kufunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, kenaka n'kuwalozeranso mlatho uja. Manyazi anawagwira a Telala, koma kugonja kwa iwo kunali ngati kumeza singano.

Ali chiimire choncho, kutsidya kwa geti kunaima chigalimoto cha magetsi ophethira, cha ngowe kumbuyo.

"Chija n'chachiyani?" anafunsa, ngati sizikuwakhudza.

"Chimakoka magalimoto ofera pamsewu uno. Nachonso chagulidwa ndi ndalama za pageti."

"Hmm. Amatchaja zingati?"

"Ulere, kwa amene walipira. Amakafikitsa kwa makaniko wa kuseri kwa chipatala, mwini wake atakhala kutsogolo."

A Telala anakhosomola. Dzanja linapita lokha m'thumba.

"Chabwino, basi. Landirani."

"Za chiyani?"

"Za galimoto."

"Iti, bambo?"

"Iyi! Iyi ndaigwirayi!"

"Iii, ayi. Katundu sitilipiritsa. Kungakhale kukuberani."

"Mayi, taonani chiwongolero icho. Nambala iyo. Laisensi yanga nayi."

"Woyenda pansi akhoza kukhala ndi laisensi. Amalume anga ali nayo, koma amayenda wapansi."

A Telala anatsegula chitseko, anakhala pampando, anamanga lamba, n'kuimba hutala yomwe inangolira ngati mwanapiye. Kenaka anatulutsa mutu pawindo, misempha ya m'khosi ili njo.

"Mayi inu, chibadwire chanu, munaonapo katundu wa matayala anayi?"

Mayiyo analandira ndalama ija ndi manja awiri, anakodola woyendetsa chigalimoto chija, ndipo chitsulo chinakwera.

"Nanenso ndimadabwa, bambo. Koma munthu wamkulu satsutsidwa."