Uvuni Wosadziwa Sabata

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Ena mukundiyang'ana ngati mlendo. Ndine ndemwe, Amayi Zulu, amene ndinasowa pa benchi apo.

Ndine kapitao pa bekale ina m'tauni muno. Anthu amene ndimawayang'anira ndi osiyana mapemphero. A Yusufu, wokanda ufa, ndi Msilamu, Lachisanu masana amapita kumzikiti. Amayi Tembo ndi a Sabata, Loweruka sagwira ngakhale thireyi. Otsalawo ndife a Lamulungu. Tsono mwini bekale anandiitana nati, "Uvuni wanga sudziwa Sabata. Wojomba mumuchotse. Mukalephera, muchoka ndinu."

Abale, ndichotse ndani? A Yusufu ali ndi ana asanu. Amayi Tembo ndi wamasiye. Nanga ine, ana anga adya chiyani? Ndinangoti kukamwa tseke, ntchito yonse n'kuisenza ndekha. Lachisanu ndikande ufa wa a Yusufu. Loweruka ndiime pa uvuni wa Amayi Tembo. Lamulungu anzanga akuti, "Enawo mwawalola, ifenso tipita kutchalitchi." Ndikane bwanji? Ndine ndemwe pa uvuni!

Ndinapanikizika, abale, ndinapanikizika. Kuntchito akuti ndimakondera Asilamu. Kuno, ee, ndinamva, akuti Amayi Zulu alowerera. Musaweramitse mitu amayi a Chigwirizano, ndinakhululuka kale! Belu likamalira ine ndili mbuu ndi ufa, misozi ili chuchuchu. Ndinkangoti, Ambuye, khomo lili kuti?

Lamulungu lina, chifukwa cha kutopa, ndinagwira thireyi yamoto ndi dzanja lopanda nsalu. Chipsera chake ndi ichi. Lolemba a Yusufu ataona bandeji anafunsa kuti, "Amayi, dzulo munali ndi ndani?" Ndinati ndekha. Pomwepo ndinalira, n'kuulula zonse za bwana zija.

Amayi Tembo anagwira pakamwa. "Kodi mumapsa chifukwa cha ife? Ife Lamulungu timangochapa zovala kunyumba!" A Yusufu nawo anati, "Mutu umodzi susenza denga, amayi. Lamulungu n'langa ndi Amayi Tembo. Inu mutigwirire masiku athu." Anzanga a Lamulungu aja, manyazi atawagwira, anagawana Lachisanu ndi Loweruka. Bwana sanachotse munthu. Iwo bola uvuni ukutentha.

Ine ndinkapempha kuti Mulungu asinthe mtima wa bwana. Sanausinthe, ukadali wouma gwa! Koma taonani, ndaima pano ndi yunifomu yanga ya Chigwirizano, ntchito ndikadali nayo. Zikomo Yesu! Amayi, imbani nthungululu, kondwerani nane, pakuti pano ndikulankhula, Msilamu ndi wa Sabata ali thukuta kamukamu pa uvuni kuti ine ndipemphere. Aleluya!